Tafunsani za Maulendo: Kukaona Nyama ku Majete, Liwonde ndi Lengwe pa Masiku Awiri

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera kwa anthu a mu Blantyre muno amene akufuna kukaona nyama zakuthengo koma alibe tchuthi chachitali. Ena ali ndi Loweruka ndi Lamulungu basi, ena tsiku limodzi lokha. Tasankhapo mafunso angapo ndipo tawafupikitsa kuti malo akwane.

Ndimagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Ndikufuna kutenga mayi a kunyumba ndi ana athu awiri tikaone nyama kumapeto a sabata. Tipite ku Majete kapena ku Liwonde? (Bambo, Chilomoni)

Bambo, konseko n'kofikika pa masiku awiri, koma zimene mukapezeko n'zosiyana.

Majete ili m'boma la Chikwawa, makilomita pafupifupi 70 kuchokera mu tawuni. Mumatsata msewu wa M1, kutsetsereka mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukhota pa Dyeratu kulowera ku boma la Chikwawa, kenaka makilomita ena pafupifupi 20 kukafika pa geti. Werengerani maola awiri. Nkhalangoyi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 700. M'zaka za m'ma 1990 opha nyama mozembera anali atatha njovu zonse za kumeneko. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowa mu 2003 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo, ndipo nyama zinabwezeretsedwa pang'onopang'ono: zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, anyamalikiti mu 2018, akambuku aliwiro otchedwa cheetah mu 2019 ndi mimbulu mu 2021. Dziko lake ndi la zitunda ndi thengo lowirira, ndiye nyama zimabisala mosavuta. Cha pafupi pali mathithi a Kapichira, pamene David Livingstone analephera kupitirira ndi sitima yake mu 1859.

Liwonde ili m'boma la Machinga, makilomita pafupifupi 120 kudzera ku Zomba pa msewu wa M3. Werengerani maola awiri ndi theka kapena atatu, chifukwa kutuluka mu Limbe kokha kumadya nthawi. Ndi yocheperapo, masikweya kilomita 548, inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo African Parks inabwerako mu 2015. Kumeneko n'kwa chidikha, kwa mitengo ya tsanya ndi milambe, ndipo Shire amayenda mwakachetechete moti boti limayenda bwino. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo 263 anazitengera ku Kasungu mu 2022. Mitundu ya mbalame imapitirira 400.

Maganizo athu ndi awa. Ngati ndi ulendo woyamba, muli ndi ana, ndipo mukagona usiku umodzi, pitani ku Liwonde chifukwa cha boti. Pa mtsinje mvuu ndi ng'ona simungaziphonye, ndipo nthawi ya chilimwe njovu zimatsikira ku madzi tsiku lililonse. Mwana amene waona mvuu ikuyasamula pafupi ndi boti wakhuta kale, ngakhale asaone mkango. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, Majete ndiyo yoyenera popeza ili pafupi.

Palinso Lengwe, cha ku Nchalo, imene anthu amaiiwala. Kumeneko musakayembekezere njovu kapena mikango. Chuma chake ndi nyama ya boo, imene ambiri amaitcha nyala, pamodzi ndi njati, ngoma ndi njiri, ndipo kuli tinyumba tobisalamo pafupi ndi madziwe kumene mumakhala pansi nyama n'kumabwera zokha kudzamwa. Kwa agogo amene sangapirire kugwedezeka m'galimoto maola atatu, kumeneko n'kwabwino.

Chokha chimene tikukuletsani ndi kufuna kuona Majete ndi Liwonde pa masiku awiri omwewo. Ina ili kummwera kwa Blantyre, ina kumpoto. Mungathere nthawi yonse pa msewu.

Anzanga anapita ku Majete mwezi watha. Akuti anangoona nswala ndi njiri, mkango ayi, njovu patali. Kodi si kutaya ndalama kumeneku? Nanga gaidi ndi wa chiyani ngati galimoto ndili nayo? (Mayi, Namiwawa)

Mayi, afunseni anzanuwo kuti analowa pa geti nthawi yanji. Tikukhulupirira kuti yankho lake likhala cha m'ma 11 koloko. Umu ndi mmene maulendo ambiri ochokera mu Blantyre amaonongekera: kudzuka mwachifatse, kudikirana, kudzera ku sitolo kukagula zakumwa, kunyamuka 9 koloko, n'kukafika dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Nthawi imeneyo m'chigwa cha Shire nyama zili pa mthunzi. Mkango umagona kapena kungogona chigonere maola okwana 18 mpaka 20 pa tsiku, ndipo umayenda usiku, mbandakucha ndi chisisira. Kambuku ndi fisi chimodzimodzi. Amene walowa 11 koloko n'kutuluka 3 koloko wasankha maola anayi oipitsitsa a tsiku lonse.

Ulendo wokaona nyama umakonzedwa potsata nthawi ya nyama. Maola a phindu ndi atatu oyamba dzuwa litangotuluka ndi awiri omaliza lisanalowe. N'chifukwa chake timalimbikitsa kugona usiku umodzi, ngakhale mu tenti, kusiyana ndi kupita masiku awiri osiyana masana okhaokha.

Ndondomeko yake ingakhale motere. Loweruka nyamukani cha m'ma 9 koloko, kafikeni masana, idyani, pumulani. Cha m'ma 3:30 kapena 4 koloko kwerani galimoto ya gaidi. Ulendo wa madzulowu umatenga maola atatu, ndipo malo ambiri umapitirira mpaka kamdima, gaidi akuunika ndi tochi yamphamvu. Apa ndi pamene mumakumana ndi afisi, nungu, akadzidzi, mwinanso kambuku. Pa galimoto yanu simuloledwa kuyenda m'nkhalango usiku, ndiye mbali iyi ya ulendo imapezeka ndi gaidi yekha. Lamulungu dzukani 5 koloko, imwani tiyi wachangu, ndipo pofika 6 koloko mukhale muli m'thengo. Mukabwerako cha m'ma 9 idyani kadzutsa weniweni. Ngati muli ku Liwonde, kwerani boti musanapakire. Pofika 2 koloko masana nyamukani kuti mukafike kunyumba kusanade.

Ngati n'kosatheka kugona, nyamukani mu Blantyre 4 koloko mbandakucha kuti geti la Majete likamatsegulidwa cha m'ma 6 mukhale muli pomwepo, ndipo gaidi mukhale mutamubukitsa kale sabata yapitayo.

Tsopano za gaidi. Munthu amene akuyendetsa galimoto yake maso ake ali pa maenje ndi zitsa, ndipo galimoto zathu zambiri n'zazifupi moti udzu umatchinga. Galimoto ya gaidi ndi yaitali, yotseguka m'mbali, ya mipando yokwera ngati masitepe, yokwana anthu pafupifupi 9. Koma chachikulu si galimotoyo. Gaidi amawerenga mapazi pa fumbi la msewu n'kudziwa ngati mkango wadutsa usiku kapena posachedwapa. Amamva anyani akuboola kapena nswala zikufwenthera n'kudziwa kuti zaona chilombo. Amaona miimba itatera pa mtengo umodzi n'kudziwa kuti pansi pali nyama yakufa, mwina mwini wake ali pomwepo. Amadziwa dziwe limene lidakali ndi madzi mwezi umenewo, ndipo amauzana ndi anzake pa wailesi zimene aona. Inu panokha mungadutse mamita 20 kuchokera pamene mkango wagona osadziwa kanthu.

Musanakwere, muuzeni gaidi zimene mukufuna. Ngati simunaonepo njovu, nenani. Ngati mumakonda mbalame, nenani, chifukwa njira zake n'zosiyana. Ndipo akazimitsa injini pa dziwe n'kunena kuti tidikire, musamukakamize kupitirira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi 20 zachete pa madzi zimabala zambiri kuposa makilomita 20 othamanga.

Komabe tinene chilungamo. Ku gemu si kosungira nyama m'makola. Zipembere n'zochepa ndipo zimakonda zitsamba zowirira, kambuku ndi wamanyazi, ndipo pali anthu amene apitako kangapo osamuona. Aliyense wokulonjezani kuti mkango mukauona ndithu akungofuna ndalama zanu.

Ndikonze ndalama zingati, ndipo ndisamale chiyani pobukitsa? (Wowerenga, Chirimba)

Mitengo imasintha kawirikawiri, makamaka malo ogona amene amawerengera pa dola, ndiye imbani foni ku ofesi ya pakiyo mumve mtengo wa sabata imene mukupita. Chimene sichisintha ndi mndandanda wa zolipira, ndipo ambiri amasowa ndalama pa geti chifukwa anawerengera chimodzi kapena ziwiri zokha.

Pali ndalama yolowera, ya munthu aliyense pa tsiku lililonse. Pali ya galimoto yanu, payokha. Ulendo uliwonse wa gaidi, kaya wa galimoto, wa boti kapena woyenda pansi, uli ndi mtengo wake pa munthu. Kenaka malo ogona, chakudya, mafuta opitira ndi kubwerera kuphatikizapo oyendera m'kati, ndi kangachepe kothokozera gaidi ngati wagwira ntchito bwino. Pamwamba pa zonsezi sungani ina yapadera ya tayala lophulika kapena mwana wodwala.

Mmalawi amalipira yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, koma pamafunika umboni. Aliyense wamkulu anyamule chiphaso chake cha unzika. Ngati mwatenga mlamu wanu wochokera kunja amene ali ndi pasipoti ya dziko lina, dziwiranitu kuti iye alipira mtengo wa alendo, ndipo musayese kumubisa pa geti.

Pobukitsa funsani mafunso awa, ndipo mayankho ake akutumizireni olemba pa WhatsApp kapena imelo. Mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda? Muli chakudya kangati? Muli maulendo a gaidi angati? Ndalama yolowera pa geti ilimo kapena ayi? Ana amalipira theka kuyambira zaka zingati mpaka zingati? Galimoto ya gaidi imanyamuka pakakhala anthu osachepera angati? Funso lomalizali limagwira anthu ambiri opita awiriwiri: amafika n'kuuzidwa kuti adikire ena kapena alipirire mipando yopanda anthu. Funsaninso ngati dipoziti imabwezedwa mukalephera kupita.

Malo ogona alipo a misinkhu yosiyana. Ku Majete kuli Thawale ndi Mkulumadzi, kulinso malo omangapo matenti. Ku Liwonde kuli Mvuu ndi Kuthengo m'kati mwa paki, ndi ena otsikirapo mtengo cha kufupi ndi geti komanso m'tawuni ya Liwonde. Njira yochepetsera ndalama ndi kugona mu tenti, kuphika nokha, ndi kupita gulu lodzaza galimoto ya gaidi. Pochepetsa, chotsani chipinda chodula, osati gaidi.

Chenjerani ndi otsatsa maulendo pa Facebook amene amakuuzani kutumiza dipoziti pa nambala ya munthu ya Mpamba kapena Airtel Money popanda lisiti. Alipo achilungamo ambiri, koma funsani chiphaso chawo cha boma chochitira bizinesi ya zokopa alendo, ndipo imbirani nokha malo ogonawo mumve ngati dzina lanu lalembedwadi. Pa Isitala, pa 6 Julayi, pa Tsiku la Amayi la 15 Okutobala ndi pa Khrisimasi malo amadzaza msanga, ndiye bukitsani mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane.

Galimoto yanga ndi Sienta. Ikafika? (Bambo, Machinjiri)

Nthawi ya chilimwe ikafika pa geti, ndipo m'kati ikhoza kuyenda pa misewu ikuluikulu mukamayendetsa mosamala, osadzaza anthu mpaka kukhuza pansi. Misewu yaing'ono ya miyala, ya mchenga kapena yowoloka timitsinje isiyeni. Nzeru yabwino ndi kuimika Sientayo pa malo olandirira alendo n'kukwera galimoto ya gaidi. Nthawi ya dzinja musayerekeze kulowa nayo m'kati.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri si msewu wa m'paki koma chitsetse cha ku Chikwawa. Blantyre ili mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Chikwawa ili pa mamita pafupifupi 100, ndipo kusiyana konseku mumakutsika pa makilomita ochepa okhotakhota. Woyendetsa akamangoponda mabuleki njira yonse, amatentha, mafuta ake amawira, ndipo pedulo imangomira osagwira. Tsikani ndi giya yachiwiri kapena yachitatu kuti injini izigwira galimoto. Ya otomatiki ikeni pa 2 kapena L. Mukamva fungo la kupsa, imani pamalo otakasuka mudikire mphindi 20 kapena 30, ndipo musathire madzi pa mabuleki otentha. Pobwerera vuto limakhala injini: yang'anani muvi wa kutentha, zimitsani choziziritsa mpweya pokwera, ndipo ikatentha musatsegule chivindikiro cha lediyeta mpaka itazizira.

Musananyamuke onani madzi ndi oyilo, ndipo thirani mafuta odzaza mu Blantyre momwemo, chifukwa m'paki mulibe filing'i siteshoni ndipo za m'njira si nthawi zonse zimakhala nawo. Tayala la sipeya lipimeni mpweya, musangoliyang'ana. Nyamulani jeke, sipanala ya matayala ndi kathabwa kolimba koikapo jeke pa mchenga. Minga ndi zitsa zimabowola matayala m'mbali, pamene sipamatika.

Pa geti lembani nambala ya foni ya ofesi ndipo auzeni njira imene mutsate, chifukwa netiweki imaduka malo ambiri. Galimoto ikafa kapena kutitimira, khalani m'kati mudikire a gemu. Musayende pansi kukafuna thandizo, ngakhale geti lioneke ngati lili pafupi.

Kwa amene alibe galimoto: minibasi imakufikitsani ku Chikwawa kapena ku Liwonde, koma m'paki simulowa wapansi kapena pa kabaza. Gwirizanani ndi malo ogonawo kuti akutengeni pa geti kapena m'tawuni, ndipo mumvane za mtengo wake musananyamuke.

Ine tchuthi ndimapeza mu Disembala mokha. Kodi n'koyenera kupita nthawi imeneyo? (Mayi, Bangwe)

Nthawi yabwino koposa yoonera nyama ili pakati pa Juni ndi Okutobala. Udzu umakhala utauma, masamba atayoyoka, madzi a m'thengo ataphwa, ndipo nyama zonse zimakakamizika kubwera ku Shire ndi ku madziwe ochepa otsala. Njovu yaikulu imamwa malita oposa 100 pa tsiku, ndiye singakhale kutali ndi madzi. Juni ndi Julayi ndi miyezi yokoma kuyenda, kungoti m'mawa pa galimoto yotseguka kumazizira kwambiri. Okutobala ndi Novembala nyama zimaoneka bwino zedi, koma m'chigwa kutentha kumapitirira madigiri 40, zimene si zabwino kwa makanda, okalamba ndi odwala mtima.

Disembala ali ndi zake. Mvula yoyamba ikagwa thengo limabiriwira, nswala ndi njiri zimakhala ndi ana aang'ono, mbalame zochokera kutali zimakhala zitafika, ndipo kumayambiriro a mweziwo udzu umakhala usanatalike. Koma nyama zimabalalika popeza madzi ali ponseponse, ndipo dothi la makande la ku Liwonde likanyowa limamata matayala moti ngakhale galimoto zamphamvu zimatitimira. Misewu ina amaitseka, ndipo alendo a ku malo ogona a Mvuu nthawi zina amadzera ku Ulongwe, kutsidya la kumadzulo kwa Shire, n'kuwoloka pa boti.

Ndiye pitani, Mayi, koma sankhani masabata awiri oyamba a Disembala, dalirani boti ndi galimoto ya gaidi, ndipo imbani foni dzulo lake kufunsa za msewu. Januwale mpaka Malichi ndiye nyengo yovuta, makamaka ku Chikwawa. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa mmene misewu ndi milatho ya kummwera kuno imadukira.

Ndimaopa njovu. Ikatseka msewu tichite chiyani? (Mtsikana, Zingwangwa)

Mantha anuwo ndi abwino kuposa kudzidalira kwa anthu amene amayandikira kuti ajambule bwino. Mukaona njovu pa msewu imani patali, mamita osachepera 50, ndipo yang'anani m'mbali ndi kumbuyo, chifukwa kumene kuli imodzi kawirikawiri kuli zina m'zitsamba. Imikani galimoto moti mutha kubwerera m'mbuyo popanda chotchinga. Musaimbe huta, musaponde moto kuti muiopseze, ndipo musayese kudutsa pakati pa gulu. Gulu la njovu limatsogoleredwa ndi yaikazi yaikulu, ndipo njovu imene yanyamula bere miyezi 22 siseka ndi chinthu choima pakati pa iyo ndi mwana wake.

Phunzirani kuwerenga thupi lake. Kukupiza makutu pang'onopang'ono si mkwiyo, ikungodziziziritsa. Ikatambasula makutu, kudzutsa mutu, kuupukusa, kulira kapena kuponda fumbi ikuyang'ana inu, ikukuuzani kuti mwayandikira mopitirira, ndipo bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono. Ikapinda makutu kumbuyo, kukulunga chitamba, kutsitsa mutu n'kumabwera, imeneyo yatsimikiza, chokanipo msanga. Yamphongo imene ikutuluka timadzi takuda m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, ndipo mkodzo ukungodontha m'miyendo, ili pa nyengo ya ukali. Imeneyo ipatseni msewu wonse ngakhale muchedwe ndi ola.

Pa galimoto ya gaidi khalani pansi. Nyama zinazolowera kuona galimotoyo ngati chinthu chimodzi chosaopsa, koma wina akaimirira kapena kutulutsa dzanja zimazindikira kuti muli munthu. Lankhulani motsitsa ndipo foni ikhale yosalira.

Njovu si yokhayo yoyenera kuisamala. Mvuu imatuluka m'madzi usiku kukadya udzu ndipo imabwerera mbandakucha. Musadzapezeke pakati pa iyo ndi madzi. Malo ambiri ogona m'paki alibe mpanda, ndiye kukada musayende nokha kuchoka kodyera kupita kogona, itanani mlonda akuperekezeni. Pa boti valani jekete yoyandamitsa, musaviike dzanja m'madzi, ndipo musakhamukire nonse mbali imodzi mvuu ikaoneka. M'mbali mwa Shire musaime pa gombe kujambulitsa kapena kusamba m'mapazi, ng'ona imabisala m'madzi osafika n'komwe m'mawondo. Pa ulendo woyenda pansi mumayenda mzere umodzi kumbuyo kwa wa gemu wonyamula mfuti, ndipo lamulo lake lalikulu ndi lakuti chivute chitani musathawe pokhapokha iye atanena.

Ndine mphunzitsi. Tikufuna kutenga ana a Sitandade 7 okwana 40. Tiyambire pati? (Aphunzitsi, Ndirande)

Aphunzitsi, yambani ndi kalata yopita ku ofesi ya pakiyo mwezi umodzi nthawi isanakwane, yonena tsiku, chiwerengero cha ana ndi akuluakulu, ndi mtundu wa galimoto. Pemphani mtengo wa sukulu ndiponso gaidi wokwera nanu m'basimo. Ngati sukulu yanu ili ndi kalabu ya zachilengedwe, a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, amene ali ndi ofesi ku Limbe, angakupatseni uphungu.

Ana 40 agaweni m'makosita awiri, mwana aliyense akhale ndi mpando, ndipo pa ana 10 aliwonse pakhale wamkulu mmodzi. Tengani makalata a chilolezo a makolo onena ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu kapena matenda ena. Madzi akumwa akhale malita awiri kapena atatu pa mwana, osati zakumwa zotsekemera zokha. Onse apite ku chimbudzi pa geti, chifukwa m'kati basi siima kuti mwana atsikire pa tchire. Nyamukani 4:30 mbandakucha, ndipo sankhani Juni kapena Julayi, osati Okutobala. Dzulo lake aphunzitseni mayina a nyama ndi malamulo atatu: osafuula, osatulutsa mutu kapena dzanja pa zenera, osaponyera anyani chakudya.

Kwa ana a makalasi aang'ono, phiri la Michiru kuseri kwa Chilomoni ndi poyambira pabwino. Kuli anyani, apusi, mbawala ndi mbalame zambiri, ndipo pofika masana ana ali kwawo.

Tingatenge sipika ndi mbaula tikawotche nyama m'mbali mwa mtsinje? (Anyamata, Chitawira)

Sipika isiyeni kunyumba, achimwene. Phokoso limathamangitsa nyama zimene mwalipira kuti muzione, ndipo limasokoneza alendo ena. Kuwotcha nyama kumaloledwa pa malo osankhidwa okha, funsani pa geti. Moto wa pa tchire nthawi ya chilimwe ukhoza kutentha dera lalikulu pa tsiku limodzi. Zinyalala zonse bwererani nazo, ndipo chakudya musachisiye poyera kapena mu tenti, chifukwa anyani, afisi ndi njovu zimatsata fungo. Musatole kanthu m'paki, kaya nyanga, fupa, dzino kapena nkhuni. Lamulo la nyama zakuthengo limene linakonzedwanso mu 2017 limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, zipembere ndi ngaka. Kandege kojambulira sikaulutsidwa popanda chilolezo cha oyang'anira pakiyo.

Tivale chiyani, ndipo za malungo titani? (Mayi, Soche)

Valani zovala za mtundu wa dothi, khaki kapena zobiriwira mozimirira. Zakuda ndi zabuluu zimakopa ntchentche za kashembe, zimene zimaluma mopweteka ngakhale pa malaya opyapyala, ndipo zoyera zimaonekera patali. Tengani chipewa, nsapato zotseka, ndi juzi kapena chitenje chofunda m'mawa ngati ndi Juni kapena Julayi. Onjezani tochi, chotchajira foni cha m'manja, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, ndi mabayinokyula ngati mungabwereke, ngakhale amodzi a banja lonse. Madzi akumwa akhale malita atatu pa munthu wamkulu pa tsiku nthawi yotentha. Mutu ukayamba kupweteka ndipo mkodzo ukuda, madzi akuchepa m'thupi: khalani pa mthunzi, imwani madzi kapena Thanzi ORS.

Udzudzu m'mbali mwa Shire ndi wochuluka kuposa wa ku Soche. Funsani ngati malo ogonawo ali ndi maneti, apo ayi tengani yanu. Dzuwa likamalowa valani za manja aatali ndi thalauza kapena chitenje chofika m'mapazi, ndipo dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu m'mapazi, m'manja ndi m'khosi. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa ku sikelo asanapite.

Malungo saonekera tsiku lomwelo. Amayamba pakapita sabata imodzi kapena kuposerapo chikulumireni udzudzu, pamene ulendo mwauiwala kale. Wina m'banjamo akatentha thupi m'masabata otsatira, kayezetseni magazi tsiku lomwelo, osayamba ndi kugula mankhwala pa golosale. Ngati malungo sanapezeke koma thupi likutenthabe, makamaka pakakhala chotupa chopweteka pamene kashembe analuma, muuzeni dokotala kuti munali ku gemu ndi tsiku limene munapitako, kuti ayezenso matenda a kaodzera.